Tsiku limene ndinameta Agogo Nankhoma

Azakhali anga ndi amene anandipezera ntchito yanga yoyamba. Pondiperekeza, tisanafike pakhomo pa eni, anandigwira mkono nandiuza kuti, "Iwe Nachisale, ukalowa m'nyumba ya eni usamayankhe chimene sanakufunse. Ndipo chimene akuuza uzichidula pakati, theka usunge, theka utaye." Ine ndinaseka. Masiku amenewo ndinali ndikadaseka anthu akamandichenjeza.

Chinali chaka chotsatira chisankho cha zipani zambiri chija. Amuna anga anali atapita ndi mkazi wina, ine n'kutsala ku Chinsapo ndi ana awiri ndi manja okha. Azakhaliwo ankagulitsa masamba pamsika wa ku Kawale, ndipo kasitomala wawo wina, Mayi Kachiza, mphunzitsi wa pulayimale, anawauza kuti akufuna munthu wosamalira apongozi ake okalamba. Ana ndinawasiya kwa mng'ono wanga, ndinamanga zovala m'chitenje, ulendo wa ku Kawale.

Mayi Kachiza sanandifunse ngati ndimatha kuphika kapena kuchapa. Anandipatsa Baibulo nati, "Tawerenga apa mokweza." Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 6, koma Chichewa ndimachiwerenga mosadodoma. Nditamaliza anafunsanso kuti, "Banja lino umalidziwa? Unamvapo nkhani zathu kwa anthu?" Ndinati ayi. Iwo anati, "Yamba lero." Ndinaona ngati ndi mwayi kulembedwa ntchito msanga chotero.

Apongozi awowo anali Agogo Nankhoma. Zaka zawo panalibe wozidziwa bwino, koma pa njala ya 1949 anali kale ndi ana anayi, ndipo ankasimba mmene ankakumbira mizu kuthengo la ku Dowa wina ali kumbuyo wina ali m'mimba. Amuna awo anapita ku Halale kukagwira ntchito, anabwerako ndi chifuwa, ndipo sanakhalitse. Agogo anabwera ku Lilongwe ku Kawale kukadali minda ya chimanga, nayamba kufulula thobwa ndi kukazinga zitumbuwa. Ndi mbiya ya thobwa imeneyo anaphunzitsa ana asanu ndi anayi, ndipo pambuyo pake analera adzukulu amene ngakhale iwo eni ankasokonezeka powerenga. Pamene ine ndinkafika, ana asanu ndi mmodzi anali atawaika kale m'manda. Otsala anandiuza kuti ndi atatu: Abambo Lameki, eni nyumba, amuna a Mayi Kachiza, a Wilisoni amene anali ku Joni, ndi chitsiriza, Esinati, amene ankadwala kunyumba kwake ku Biwi.

Maso a Agogo anali atachita ng'ala onse awiri, miyendo itafooka, koma mutu unali wakuthwa ngati lumo. Munthu ankamudziwa pomugwira. Ukagwada kuti uwapatse moni, dzanja lawo linkayamba paphewa, kukwera kukhutu, kukathera pamutu, kenako n'kukutchula dzina.

Anthu amaganiza kuti kusamalira nkhalamba ndi kukhala pansi n'kumacheza. Ndikuuzeni mmene tsiku linkayendera. M'mawa ndinkakoleza mbaula, kutenthetsa ndowa ya madzi, n'kusakaniza m'beseni. Madzi a nkhalamba sayesedwa ndi zala, chifukwa zala za munthu wogwira ntchito n'zakufa. Amayesedwa ndi chigongono. Powadzutsa, manja ako alowe m'khwapa mwawo, maondo ako agunde maondo awo, muwerengere limodzi mpaka katatu, kenako unyamule ndi miyendo osati ndi msana. Kusambitsa kumayambira kumaso ndi kansalu kofewa, chinkhupule ayi, chifukwa khungu lawo limang'ambika ngati pepala lonyowa. M'mapindi monse, m'khwapa, pakati pa zala za kumapazi, uyenera kupukuta mpaka pauma, apo ayi zilonda zayamba. Ukatero uwadzoze mafuta kumsana, m'chiuno ndi kuzidendene. Pabedi pankakhala pulasitiki, pamwamba pake nsalu yokokedwa bwino, popanda khwinya ngakhale limodzi. Phala linali la mgaiwa lothira nsinjiro, ndipo supuni umayamba waigunditsa pamlomo kuti adziwe kuti yafika. Akagona masana, sindinkalola kuti agonere mbali imodzi nthawi yaitali.

Chinthu chimodzi chinkandivuta. Nthawi zina powasambitsa kumaso ankagwira dzanja langa kuti kansalu kakhalebe pamaso nthawi yaitali, ndipo ndikachotsa, maso ali psu, madzi akutsika. Ndinasintha sopo kawiri. Sizinathe.

Ntchito ina inali ya makalata. Mwezi uliwonse Mayi Kachiza ankabwera ndi kalata ya a Wilisoni nati, "Kawawerengere Amayi, ine mawu andithera kusukulu." Agogo ankati, "Envulopu ndipatse kuno," n'kuigwira pachifuwa ine ndikuwerenga. Makalatawo anali abwino. A Wilisoni ankati ali bwino, ntchito ikuyenda, mapepala okha ndi amene akuwalepheretsa kubwera, ndipo nthawi zonse ankamaliza ndi vesi. Ine ndinkawerenga ndi mtima wonse, mpaka ndinkasirira kuti mayi uyu anabala mwana wokumbukira kwawo.

M'nyumbamo munkakhalanso Tiyamike, mwana wa Esinati, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi amene anali atalemba mayeso a Sitandade 8. Loweruka lililonse masana ankakhala pamkeka pakati pa miyendo ya Agogo, ndipo iwo ankamuluka tsitsi ndi ulusi wakuda kuti Lamulungu apite kutchalitchi akuoneka bwino. Osaona, koma mizere inkatuluka yowongoka kuposa ya ife openya. Ntchito yanga inali kudula ulusi ndi kuwapatsira chipeso.

Esinati anamwalira m'nyengo ya dzinja, nditagwira ntchito chaka chimodzi ndi miyezi ingapo. Uthenga unafika m'mawa ndikutsuka mbale. Mayi Kachiza anandikokera kuseri kwa bafa.

"Mvera bwino. Amayi asamve. Adokotala anati magazi awo amathamanga, nkhani ngati iyi ikhoza kuwagwetsa. Akafunsa, ife tapita kuchinkhoswe ku Dowa. Akamva kuchokera pakamwa pako, kapena chifukwa cha kusasamala kwako, ulongedze, ndipo maliro awo adzakhala pamutu pako."

Ndinayang'ana Abambo Lameki amene anaima chapatali. Anangozolika.

Maliro anachitikira ku Biwi, thupi n'kupita kumudzi ku Dowa. Ine ndinatsala ndekha ndi Agogo masiku anayi. Ntchito yanga yaikulu masiku amenewo sinali beseni kapena supuni, inali kuima pageti. Amayi a mpingo anabwera atavala zoyera kudzapepesa, ine n'kuwabweza monong'ona ngati wakuba. Mayi wina wachikulire anandiyang'ana nati, "Mwanawe, mayi wa malemu ali m'katimo, iwe ukutibweza? Unabadwira kuti?" Ndinatseka geti. M'nyumba Agogo anafunsa kuti, "Ndani amenewo?" Ndinati ogulitsa makala.

Atabwerako, vuto linaoneka. Kwathu maliro akatha abale amameta. Abambo Lameki ndi akazi awo, poti ndi anthu a m'tauni, anangowadula pang'ono pamphumi, koma Tiyamike, mwana wa malemu, anamumeta mpala. Mayi Kachiza atamuona akuvula duku anagwira pakamwa. Anati, "Mutu uwu usafike m'manja mwa Amayi mpaka tsitsi litamera." Ndiye ine ndinakhala mlonda wa mutu wa mwana. Loweruka loyamba tinati Tiyamike watsalira kumudzi, pamene anali m'chipinda cha pafupi akulumira pilo kuti kulira kusamveke. Loweruka lachiwiri tinati ali ndi chimfine. Mwana uja ankayenda chonyang'ama m'nyumba ya agogo ake, mayi ake atamwalira, osaloledwa ngakhale kusisima.

Loweruka lachitatu Mayi Kachiza anapita kumsika, Abambo Lameki kukaona mnzawo ku Area 23. Asananyamuke, Mayi anamanga okha duku la Tiyamike mfundo ziwiri nati, "Zikavuta munene kuti ali ndi chipere."

Dzuwa litapendeka pang'ono, ndinawakhazika Agogo pampando wawo pakhonde ndipo ndinkawapatsa tiyi.

"Lero ndi Loweruka. Tiyamike ali kuti?"

"Akuchapa, Agogo."

"Zovala zimenezo akuchapa kuyambira mwezi watha? Ndi za asilikali? Muitane."

Tiyamike anabwera, nagwada patali.

"Ndili ndi chipere, Agogo, mungatengere."

"Chipere ndachipoletsa pamitu isanu ndi inayi. Sendera kuno."

Mwana anandiyang'ana. Ine ndikanatha kunena kanthu, kugwetsa mbale, kuchita chilichonse. Koma ndinangoima ndi kapu m'manja. Dzanja lija linayamba ulendo wake, paphewa, pakhutu, n'kufika pamfundo. Anamasula yoyamba, anamasula yachiwiri, duku linagwera pamkeka. Tsitsi linali litangoyamba kutuluka ngati udzu wa pa lupsa. Agogo anayendetsa chikhatho mutu wonse, kutsogolo, kumbuyo, kuseri kwa makutu. Kapu ya tiyi inandipulumuka n'kusweka. Mumtima ndinati basi, ndapha munthu.

Iwo sanagwe. Sanakuwe. Anafunsa ndi mawu a tsiku lililonse.

"Anakumeta ndani?"

"Azakhali a kumudzi."

"Amayi ako anawaika pafupi ndi ndani?"

"Pafupi ndi agogo aamuna."

"Achita bwino. Tsopano lira, mwana wanga. Lira mokweza, muno ndi mwanu."

Kulira kumene analira mtsikana uja sindinakumvenso kwina. Anansi anatuluka m'nyumba zawo. Agogo anangomugwira mutu pamiyendo pawo mpaka anatopa. Kenako anatembenukira kumene ndinaima.

"Nachisale, katenge lezala yatsopano ndi madzi ofunda."

"Agogo, chonde, andichotsa ntchito. Ana anga adya chiyani?"

"Wamwalirayu anamubala ndani, ine kapena mpongozi? Katenge."

Ndinakatenga. Ndinawafunditsa chitenje m'mapewa, ndinanyowetsa mutu, ndinapaka sopo mpaka thovu, ndinagwira lezala pakati pa zala, n'kuyambira pamphumi kupita kumbuyo, dzanja lina likukoka khungu kuti lisachite makwinya. Imvi zinkagwera pachitenje. Nditafika pakati pa mutu, Agogo anati:

"Umete bwino, usasiye ndi limodzi lomwe. Mutu umenewu ukumetedwera anthu awiri."

"Awiri, Agogo?"

"Esinati ndi Wilisoni."

Lezala inaterereka, ndinawacheka pang'ono pamwamba pa khutu. Magazi anatuluka, ine osawaona n'komwe.

"A Wilisoni? Koma kalata yawo ndawerenga mwezi womwe uno!"

"Unawerenga bwino kwambiri. Katenge envulopu yake, ili pansi pa Baibulo."

Ndinaibweretsa. Anaigwira, nayendetsa chala chachikulu m'mphepete.

"Gwira apa. Pakona pong'ambika. Gwiranso sitampa, yatukuka mbali imodzi. Zaka ziwiri ndi theka envulopu ndi yomweyi. Imatuluka m'manja mwanga, imakagona m'kabati ya mpongozi, n'kubweranso ndi pepala latsopano. Ku Joni envulopu zinatha?"

Ndinayang'ana chidindo cha positi, chimene sindinachiyang'anepo n'kamodzi komwe. Chinali chakale, cha ine ndisanabwere m'nyumba imeneyo. Ndinayang'ana Tiyamike. Iye anazolika nati, "Amalume anamwalira ndili Sitandade 6. Anawaika konko."

Ndinakhala pansi, pasimenti, lezala ili m'manja. Chaka chonse ndi miyezi ndinkawerenga mawu a munthu wakufa, ndikumwetulira, ndikuwonjezera kuti, "Mwamva, Agogo, akuti akukusowani." Apo ndi pamene ndinazindikira chifukwa chake tsiku loyamba lija anandipatsa Baibulo m'malo mwa mthiko, n'kufunsa ngati ndimadziwa za banjalo. Ankafuna pakamwa posanjenjemera. Nyumba yonse inkadziwa, mwana yemwe ankadziwa, wakhungu yemwe ankadziwa. Wosadziwa ndinali ine ndekha, wa maso awiri.

"Nanga Agogo, bwanji simunanene?"

Anatembenuzira mutu kwa ine, theka woyera theka wampala.

"Lameki wanyamula mabokosi a abale ake onse. Nthawi iliyonse ndiye ankabwera kudzagwada apa kuti, Amayi, kwagwanso zina. Pa Wilisoni mphamvu zinamuthera. Ndinaona kuti mwana wanga akufuna mayi wosadziwa kanthu, ndiye ndinamupatsa. Mwana akafuna chinthu chimene uli nacho, umamumana? Ndikanapitiriza ndithu. Koma uyu," anagwira Tiyamike, "milungu itatu ndakhala ndikumumva akumeza misozi kuseri kwa khoma. Ameneyo ndiye sindikanatha."

"Ndiye inuyo munkalira liti?"

"Ukamandisambitsa kumaso. Iwe unkati ndi sopo. Maliza kumeta, mutu ukuzizira."

Ndinamaliza. Ndikupukuta magazi aja, geti inalira. Mayi Kachiza analowa ndi dengu pamutu. Ataona mitu iwiri yampala pakhonde, dengu linagwa, tomato n'kumwazika bwalo lonse.

"Nachisale! Wachita chiyani iwe? Ndinakuuza chiyani? Longedza, longedza pompano!"

Ine ndinali nditaimirira kale kuti ndikatenge chitenje changa. Agogo anamenya ndodo pansi.

"Mpongozi, khalani pansi. Mwana wa eniyu musiyeni, ndamutuma ndine. Nanga mwaona ndafa?"

Mayi Kachiza anakhala pamkeka, pakamwa pali yasa.

"Makalata munkalemba bwino, zikomo. Koma munaonjeza mavesi. Wilisoni ndinamubala ndine, kutchalitchi ankapita pomukoka khutu."

Mayi aja anayamba ngati akuseka, kenako kunasanduka kulira, nagwira mapazi a apongozi awo. Abambo Lameki atafika, anaima pageti nthawi yaitali. Munthu wamkulu, wa tayi, anayenda ndi maondo kuchokera pamasitepe mpaka pampando wa mayi ake. Dzanja lija linawagwira paphewa, pakhutu, pamutu.

"Lameki, alongo ako ndi mng'ono wako apita, iwe tsitsi lili njo? Nachisale, lezala ina ilipo?"

Tsiku limenelo ndinameta mitu itatu, chifukwa Mayi Kachiza nawonso anavula duku okha. Mawa lake amayi a mpingo amene ndinawabweza aja anabwera, anadzaza khonde ndi bwalo, ndipo Agogo analira ana awo awiri poyera, ndi mawu, akuwatchula mayina a paubwana. Sabata yotsatira tinawanyamula pagalimoto kupita ku Dowa, anakagwira dothi la pamanda a Esinati ndi manja awo.

Uthenga umene ankati uwapha sunawaphe. Anakhalanso zaka zinayi. Tsitsi la Tiyamike linamera ndipo analilukanso, mpaka analandira mwana wake woyamba pamiyendo, n'kumugwira kamutu. Anamwalira m'mawa wina atamaliza phala lawo lonse, ine ndikutsuka supuni. Ndinagwira ntchito m'nyumba imeneyo mpaka tsiku limenelo. Mayi Kachiza sanandipepesepo za makalata aja. Anangondigulira chitenje, ine n'kulandira. Sindiwada. Anthu aja sanali oipa, ndipo n'chimene chimandiopsa mpaka lero: ngati anthu abwino, opemphera, okonda mayi awo, angathe kunama mwaluso chotero zaka ndi zaka, n'kugwiritsa ntchito pakamwa pa munthu wina iye osadziwa, ndiye ndikhulupirire ndani?

Pambuyo pa Agogo Nankhoma ndinasamaliranso nkhalamba zina m'Kawale, ku Biwi ndi ku Area 25. Kulikonse ndinkanena tsiku loyamba, ndisanaike katundu pansi, kuti kusambitsa ndisambitsa, kunyamula ndinyamula, zonyansa ndichapa, koma maliro sindibisa. Mwana ndi wa mayi ake ali moyo, ndi wa mayi akenso atafa. Ena ankamva zimenezo n'kunena kuti adzandiitana, osandiitana. Zinalibe kanthu.

Lero nkhalamba ndine. Ndimakhala ku Chinsapo konkuja ndi mwana wanga wamkazi ndi adzukulu atatu, ndipo diso lakumanzere layamba kuchita chifunga, n'chifukwa chake ndikulemba izi ndi zilembo zikuluzikulu. Mwana wanga wamwamuna ali ku Blantyre. Ankandiimbira foni Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi. Tsopano yatha miyezi iwiri woimba ali mkazi wake, akuti bambo atanganidwa, akuti foni yawo inagwera m'madzi. Mwana wanga wamkaziyu foni yake ikalira amatuluka panja, ndipo masiku ano akundiphikira tiyi wa mkaka popanda chifukwa. Mwina palibe kanthu. Mwina ndi mtima wanga woipawu. Ndafunsa, onse akuti zonse zili bwino, ndipo akunena mofanana kwambiri.

Ndiye inu amene mwawerenga izi, makamaka amene mumayenda msewu wa ku Blantyre, mukadutsa ku Chinsapo mufunse Nachisale wosamalira nkhalamba uja, amayi a pamsika akulozerani. Mubwere masana, ana ali kuntchito. Musavutike ndi shuga kapena buledi. Mudzangokhala pamkeka, mundione ngati ndili bwino, ndipo ngati pali chimene mukudziwa, mundiuze ndikadali ndi mphamvu zokwera basi.